Nthiti za nkhumba sizifuna phuma

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa akuluakulu a kalabu yathu anayankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali. Tawalemba monga anayankhulira kuti amene munajomba musatsalire.

Amene muli kumbuyoko senderani kuno, sindikuwa ayi.

Ndiyambe ndi nkhani imene tonse timaizemba. Chaka chatha pa tsiku lathu lopezera ndalama tinagula nthiti za nkhumba ndi ndalama za m'thumba la kalabu, tinaziika pa moto wolilima, ndipo pasanathe mphindi makumi anayi tinayamba kugulitsa. Kunja zinali zakuda ngati tayala, m'kati pafupi ndi fupa munali magazi. Mayi wina anabweza mbale yake pamaso pa anthu, ndipo sanalakwe. Theka la nyamayo tinagawana tokha madzulo, ena tinakaiphikanso kunyumba. Musayang'anane, amene anali pa moto tsiku limenelo ndinali ine. Chaka chino komiti yagwirizana kuti tiyesenso, ndipo ndalama zimene tikufuna kulowetsa ku nyama ndi zomwe zija tinatolera za mayunifolomu a timu ya atsikana. Zikapsereranso, atsikanawo asewera ligi yonse atavala masikipa osiyanasiyana. N'chifukwa chake ndapempha mphindi zimenezi.

Cholakwa changa chinali chimodzi basi. Ndinatenga nthiti ngati kanyenya. Kanyenya wa pa chiwaya ndi tizidutswa ting'onoting'ono, moto waukulu, mphindi zochepa, wadya wapita. Nthiti ndi nyama ina. Pakati pa mafupa aja pali minofu yolukanalukana ndi timitsempha tolimba, timene a sayansi amati kolajeni. Mukaiwotcha mwachangu, kolajeniyo imakhwinyata n'kufinya madzi onse kunja, ndiye mumatafuna ngati lamba. Koma ikakhala pa kutentha kochepa kwa maola angapo, imasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka chinthu chonanda chofewa. Inu nonse mukuchidziwa chinthu chimenechi. Munaonapo msuzi wa mang'ina utagona usiku, m'mawa n'kuupeza utagwirana ngati phala lozizira? Ndi chomwecho. Palibe amene amaphika mang'ina theka la ola. Nthiti nazo zimafuna ulemu womwewo, kungoti m'malo mwa madzi a mu mphika tikugwiritsa ntchito mpweya wotentha ndi utsi.

Kawotchedwe kameneka kwawo ndi ku America, makamaka zigawo za kum'mwera, ndipo kumeneko mawu akuti barbecue satanthauza kungoponya nyama pa waya monga timachitira pa braai. Amatanthauza moto wochepa, nthawi yaitali, utsi wa nkhuni. Mzinda uliwonse uli ndi mwambo wake ndipo amakangana kwambiri. Ku Memphis amakonda nthiti zouma, zongopakidwa zokometsera zaufa popanda sosi. Ku Kansas City amazimata sosi wokhuthala wotsekemera wa tomato. Kum'mawa kwa North Carolina sosi wawo ndi viniga ndi tsabola, ndipo amaseka anzawo a shuga aja. Ku Memphis komweko kuli mpikisano wowotcha nyama ya nkhumba umene unayamba mu 1978, ndipo magulu amagona pa moto usiku wonse. Ife sitikupita ku mpikisano, koma njira yawo imatheka kuseri kwa nyumba iliyonse kumene kuli mgolo ndi makala.

Tiyambire kogula, chifukwa mukalakwitsa pamenepo moto sungakupulumutseni. Nthiti zilipo za mitundu iwiri. Zakumtunda, zoyandikana ndi msana, n'zazifupi, zopindika, zamafuta ochepa, ndipo pa paketi ya m'sitolo amalemba baby back kapena loin ribs. Si za mwana wa nkhumba ayi, dzinalo n'chifukwa cha kufupikako. Zakumunsi, za kumimba, n'zazitali, zaphwatalala, zamafuta ambiri, amati spare ribs. Ine ndikuti tigule zakumunsizi. Zimakhululuka. Moto ukakwera pang'ono mafuta aja amaziteteza, pamene zakumsana zimauma msanga. Vuto la mabutchala athu ambiri n'lakuti munthu akangomva kuti nkhumba, chikwanje chili kale m'mwamba, akufuna akuduliredulire. Mugwireni mkono. Muuzeni kuti mukufuna chipepa chonse cha nthiti, mafupa khumi kapena kuposerapo ali pamodzi, chikopa achotse koma nyama ya pamwamba pa mafupa asaisende. Mukaona mafupa akuonekera mbee pamwamba, dziwani kuti wasenda kwambiri, musagule. Ndipo pitani dzulo lake mukagwirizane naye, osati m'mawa wa tsikulo.

Apa ndiime kaye, ndinene za thanzi, ndipo musaseke. Gulani nyama imene yayezedwa ndi alangizi a ziweto, ya chidindo. Musanalipire yang'anani mnofu bwinobwino. Mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga m'kati mwa nyama, isiyeni pomwepo ngakhale atsitse mtengo bwanji. Timatuzato ndi ana a njoka ya m'mimba yaphwatalala ija. Munthu akadya nyama yotero yosapsa, njokayo imakula m'matumbo mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi, amatha kukakhazikika mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Bungwe la WHO limati m'madera ambiri amene njokayi ndi yofala, pafupifupi 30 mwa anthu 100 alionse odwala khunyu chiyambi chake n'chimenechi. Ndiye magazi aja amene ndinagulitsa chaka chatha sanali nkhani ya manyazi okha. Chinanso, mukamva kuti kudera kwina kwagwa chigodola cha nkhumba ndipo nyama yatchipa, musapiteko. Chigodola sichigwira anthu, zoona, koma kachilombo kake kamayenda ndi nyama, ndipo makombo athu akakafika m'khola la neba, tamuphera nkhumba zonse.

Tsopano chowotchera. Sitikufuna makina odula a pa YouTube aja. Chofunika ndi chinthu chokhala ndi chivindikiro, chifukwa popanda chivindikiro mukungowotcha pansi pa nyama pokha, kutentha konse kukuthawira kumwamba. Mgolo wodulidwa pakati m'litali, theka lina pansi, theka lina chivindikiro, ndi wokwanira. Owotcherera zitsulo amapanga zimenezi tsiku limodzi. Koma funsani kuti mgolowo munali chiyani. Wa mankhwala a m'munda kapena wa zinthu zosadziwika, ayi. Ngakhale wabwino, uyatseni moto waukulu kaye tsiku lina kuti penti yense apse, muukweche, muutsuke. Malata onyezimira ofolerera nyumba musawaike pokhudzana ndi moto, chifukwa chonyezimiracho chikatentha kwambiri chimatulutsa mpweya woipa. Mgolowo ukhale ndi mabowo awiri kapena atatu m'munsi kumbali ya makala, ndi bowo limodzi pa chivindikiro kumbali ya nyama. Mabowo amenewa ndiwo chiwongolero chanu. Mpweya wambiri, moto ukwera. Mwatseka pang'ono ndi kachitsulo, moto utsika.

Ndati kumbali ya makala ndi kumbali ya nyama, eti? Mfundo yaikulu ya nkhani yonseyi ndi imeneyo. Nyama isakhale pamwamba pa makala. Makala akhale kumapeto kumodzi kwa mgolo, nthiti kumapeto kwinako, ndipo pansi pa nthitizo muikepo chitini kapena thireyi yakale ya madzi otentha. Madziwo amagwira mafuta odontha kuti asayake, komanso amaletsa kutentha kudumphadumpha. Utsi ndi kutentha zimachoka ku makala, zimadutsa pa nyama, n'kutulukira pa bowo lija. Mgolo wasanduka uvuni.

Kutentha kumene tikufuna m'kati mwa mgolo ndi madigiri 110 mpaka 120. Mabuku a ku America amalemba 225 mpaka 250 chifukwa iwo amawerengera mu Fahrenheit, ndiye wina asadzawerenge pa intaneti n'kukoleza moto wa madigiri 250 athuwa, tidzalira tonse. Themomita ya mu uvuni ikupezeka m'masitolo a ziwiya, ndipo ndikupempha a msungichuma kuti tigule imodzi, ikhale katundu wa kalabu. Muiike pa waya pafupi ndi nyama, osati pamwamba pa makala. Ikasowa, ikani dzanja lanu pamwamba pa waya kumbali ya nyama. Ngati mukutha kuwerenga pang'onopang'ono mpaka teni musanalichotse, muli pafupi. Ngati mwalichotsa pa folo, moto wachuluka. Njira ya dzanjayi ndi yongoyerekeza, koma iposa kungoganizira.

Moto woti ukhale maola sikisi osalilima umayalidwa mwanzeru. Musayatse makala onse nthawi imodzi monga timachitira pa mbaula ya nsima. Yalani makala osayatsa mu mzere wokhota ngati njoka, m'lifupi awiri, m'mwamba awiri. Payokha pa mbaula yatsani makala eyiti kapena teni, akayera phulusa muwathire kumutu kwa njokayo. Moto uziyenda wokha kuchoka kumutu kupita kumchira. Makala oumba aja, mabriketi, ndiwo amachita bwino pa njira imeneyi chifukwa ndi ofanana kukula ndipo amayaka mofatsa. Makala wamba a mitengo amatentha kwambiri n'kutha msanga, ndiye ngati ndi amenewo sankhani zibulumwa zofanana, muziwonjezera ochepa ola lililonse. Ife ngati kalabu imene inadzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, zingachititse manyazi kugula thumba la makala ozembetsa, ndiye tifunefune mabriketi kapena makala a chilolezo. Poyatsa, chonde, jumbo ndi palafini ayi. Fungo lake limalowa mu nyama ndipo silituluka. Mapepala ndi tinkhuni touma zikwanira. Ndipo mvula ikagwa, mgolo usalowe m'nyumba kapena mu holo yotseka. Mpweya wa makala sununkha koma umapha. Pakhonde lotseguka, basi.

Utsi. Makala amapereka kutentha, koma fungo lija limene limaitana anthu kuchokera ku msewu limachokera ku nkhuni. Ku America amakonda hickory, oak ndi mtengo wa apozi. Ife tili ndi gwafa, ndimu, lalanje, pichesi, ndipo zonsezi zimagwirizana ndi nkhumba. Zitsononkho zouma za chimanga nazo zimapereka utsi wokoma, kungoti zimayaka msanga. Tizidutswa titatu kapena tinayi tofanana ndi chibakera cha mwana, touma, toikidwa pamwamba pa njoka ija motalikirana, n'tokwanira. Paini ayi, utomoni wake umawawitsa nyama. Matabwa opentedwa kapena othiridwa mankhwala a chiswe ayi. Nkhadze musayerekeze n'komwe, ndi poizoni. Utsi wabwino ndi wopyapyala, wooneka mobiriwira pang'ono, woti muchite kuuyang'anitsitsa. Mukaona chiutsi choyera chatolo ngati akuwotcha zinyalala, moto ukubanika, tsegulani mabowo. Anthu ambiri amaganiza kuti utsi wambiri ndiye kukoma kwambiri. Nyama yake imawawa ngati mwanyambita mwaye.

Tibwerere ku nyama, madzulo a dzulo lake. Tembenuzani chipepa cha nthiti, mbali ya mafupa ikhale pamwamba. Muona kachikopa kopyapyala konyezimira kokuta mafupa onse. Kameneko kachoke, chifukwa kakapsa kamakhala ngati pulasitiki ndipo kamatchinga mchere. Lowetsani chigwiriro cha supuni pansi pake pa fupa limodzi la pakati, tukulani mpaka chala chilowe, gwirani ndi kansalu kouma chifukwa n'koterera, kokani. Tsiku labwino kamachoka konse kamodzi. Tsiku loipa kamaduka kasanu, mumayambiranso, osatukwana. Kenako dulani mbali yolendewera ya chichereche ija kuti chipepa chikhale cha makona anayi, chipse mofanana. Kadulidwe kameneka amati St. Louis. Zodulidwazo musataye, ziwotcheni pambali, ndizo malipiro a anthu a pa moto.

Zokometsera n'zosavuta. Pa kilogalamu iliyonse ya nthiti, mchere tiyisupuni imodzi ndi theka. Mcherewo muyeze payokha, musaphatikize ndi zinazo, kuti mudziwe kuti mwathira wochuluka bwanji. Kenako sakanizani shuga wofiirira masupuni aakulu awiri, paprika supuni yaikulu imodzi, tsabola wakuda tiyisupuni imodzi, adyo waufa tiyisupuni imodzi, ndi kambuzi wouma wosinja kansonga ka supuni. Adyo waufa akasowa sinjani wamuwisi ndi mafuta pang'ono. Kambuzi musachulutse. Inu mumapirira, koma kudzabwera ana ndi agogo, ndipo amene akufuna moto m'kamwa botolo la Nali lidzakhala pa tebulo. Pakani mbali zonse, kutani, ikani mu firiji usiku wonse. Magetsi akazima, bokosi lozizira ndi ayezi. Ngati zonsezi palibe, ndiye nyama itengedwe m'mamawa wa tsiku lomwelo, ipakidwe, ipite pa moto mkati mwa ola limodzi. Nyama yaiwisi ya nkhumba isagone pa tebulo, makamaka kunja kukutentha chonchi.

Ndikudziwa kuti wina afunsa za kuwiritsa kaye. Ndaona dzanja kale uko. Inde, malo ambiri odyera amatero, ndipo nyama imafewadi msanga. Koma lawani madzi otsalawo, mupeza kuti kukoma konse kwatsala mu mphika, pa waya mwaika chinkhupule. Za masamba a papaya nazonso ndinayesa. Amafewetsa pamwamba mpaka kuterera, m'kati osafika. Ngati nthawi yatithera, bola kuyamba m'bandakucha kusiyana ndi kuwiritsa.

Tsopano kuwotcha kwenikweni. Pali njira yodziwika imene amaitcha 3-2-1, ndipo kwa oyamba ngati ife ndi poyambira pabwino. Maola atatu oyamba nthiti zikhala pa waya, mafupa pansi, chivindikiro chotseka, utsi ukuyenda. Ntchito yanu m'maola amenewa ndi kuyang'anira moto, osati nyama. Vuto lathu ndi chidwi. Aliyense wodutsa amafuna atsegule aone, wina ajambule ya pa status. Mukatsegula kutentha kumathawa, komanso mpweya umalowa wambiri, makala n'kulilima mukangotseka. Tidzasankha munthu mmodzi wouma mtima woti azikaniza anthu, ngakhale a tcheya. Ola loyamba likatha mutha kutsegula kamodzi pa mphindi 45 zilizonse, kuwaza pang'ono madzi osakaniza ndi viniga pamene pakuoneka pouma, kutembenuza chipepa kuti mbali imene inali kufupi ndi makala ipite kutali, n'kutseka msanga. Pofika ola lachitatu nthiti zikhala zofiira moderako, pamwamba pouma, ndipo mukakanda ndi chala zokometsera sizichoka.

Maola awiri otsatira ndi okulunga. Chifukwa chake n'chakuti nyama ikatentha imatuluka thukuta, thukutalo likamauma limaiziziritsa, monga zimachitikira ndi thupi lanu pa bwalo la mpira. Ndiye imafika pena n'kuima, osapitirira kupsa. Mukaikulunga mu foyilo thukuta silithawa, kutentha kumakwera, kolajeni ija imasungunuka. Yalani foyilo yolimba kawiri chifukwa mafupa amaboola, thirani majarini pang'ono, uchi kapena shuga supuni imodzi, ndi madzi a zipatso kapena viniga wosungunula masupuni atatu. Gonekani nthiti chafufumimba, nyama pansi, kulungani mothina, bwezerani mu mgolo. Foyilo ikadula, masamba a nthochi owambidwa pa moto kuti afewe amagwira ntchito, mumange ndi luzi, kungoti sasunga nthunzi mofanana ndi foyilo.

Koma pano ndikuchenjezeni, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi a pa intaneti. Maola awiri mu foyilo ndi ambiri pa nthiti zathu. Njira ija anaipangira nkhumba zazikulu zonenepa za ku mafamu a kwawo, pa madigiri osapitirira 110. Nkhumba zambiri zimene timagula kuno n'zocheperako, nthiti zake n'zopyapyala, ndipo mgolo wathu umakonda kutentha kuposa pamenepo. Ine nditayesa kunyumba mwezi watha, maola awiri athunthu, ndinatsegula n'kupeza mafupa akusololoka okha, nyama ngati ya mu mphika. Ana anakondwa, koma simungaidule n'kugulitsa, imangophwasuka. Ulendo wachiwiri ndinachita ola limodzi ndi mphindi 15, zinatuluka bwino. Ndiye ola likakwana tsegulani phukusi limodzi muone. Wotchi ndi yongokuthandizani, chimene chikulamula ndi nyamayo.

Mudziwa bwanji kuti zapsa? Nyama imabwerera m'mbuyo, nsonga za mafupa n'kuonekera pafupifupi sentimita imodzi. Mukabaya ndi kamtengo kotokosera m'mano pakati pa mafupa, kamalowa mosavuta ngati mu mbatata yophika. Ndipo mukanyamula chipepa ndi chopanira chakumapeto kumodzi, chimawerama, pamwamba n'kuyamba kung'aluka. Chikangoti gwa osawerama, sichinapse. Chikaduka n'kugwa, mwapitirira. Amene ali ndi themomita yobaya, m'kati mwa mnofu muzikhala madigiri 90 mpaka 95. Taonani kusiyana kwake: nyama ya nkhumba imakhala yosaopsa kudya ikafika madigiri 63 n'kupuma mphindi zitatu, koma nthiti pa 63 zikadali lamba. Kupsa koti simudwala ndi kupsa koti mukoma nazo n'zinthu ziwiri, ndipo pakati pake pali maola.

Gawo lomaliza, tulutsani mu foyilo mosamala, nthunzi yake imawotcha, bwezerani pa waya nyama ili pamwamba kuti khungu liumenso. Msuzi wotsala mu foyilo musataye, thirani mu sosi. Sosi wake: tomato sosi kapu imodzi, viniga kota ya kapu, shuga wofiirira masupuni atatu, anyezi mmodzi wokazinga mpaka kufewa, adyo, jinja pang'ono, mchere, n'kuwiritsa mphindi 15 pa moto wochepa. Lawani. Azimveka kutsekemera ndi kuwawasa pamodzi, chifukwa nyamayi ndi yamafuta ndipo imafuna chowawasa choti chidule mafutawo. Sosi apakidwe mphindi 20 kapena 30 zomaliza zokha, mopyapyala, kawiri. Chaka chatha ndinapaka poyambirira penipeni pa moto wolilima, shuga anapserera, ndiko kuda kuja. Ndikupempha kuti theka la nthiti tidzalisiye louma, la ku Memphis lija, anthu asankhe okha. Ine pandekha ndimakonda zouma, koma ndikudziwa kuti ndili ndekha m'chipinda chino.

Mukachotsa pa moto dikirani mphindi teni musanadule. Tembenuzani mafupa akhale pamwamba kuti muziona podutsa mpeni. Mukadula muona mzere wofiirira ngati pinki m'mphepete, pansi pa khungu. Musachite mantha, ndipo mukonzekere kufotokozera ogula, chifukwa pambuyo pa chaka chatha adzakhala akuyang'anitsitsa. Mzere umenewo umabwera chifukwa mpweya wa mu utsi umagwirana ndi chimene chimapatsa nyama mtundu wake, n'kuusunga kuti usasinthe. Nyama yosapsa imafiira pakati, pafupi ndi fupa, ndipo imalimba. Ya utsi imafiira kunja, pakati pali potuwa ndi pofewa. Thabwa ndi mpeni zimene zinakhudza nyama yaiwisi zisakhudze yakupsa zisanatsukidwe ndi sopo. Wogwira ndalama asagwire nyama. Ndipo nyama yakupsa isakhale pa tebulo kupitirira maola awiri, kukatentha kwambiri ola limodzi. Zotsala zizidikira mu mgolo, zokulunga, kumbali yopanda makala.

A msungichuma, mawu awiri kwa inu. Nthiti zikapsa zimachepa, kota mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake limapita ndi madzi ndi mafuta, ndipo m'zotsalazo muli mafupa. Ndiye mtengo musawerengere pa kilogalamu ya kubutchala. Werengani mafupa. Mbale imodzi mafupa atatu, tchipisi kapena chinangwa chokazinga, ndi saladi wa kabichi wa viniga. Phatikizani nyama, makala, foyilo, zokometsera, mbale zotaya ndi thiransipoti, gawani ndi chiwerengero cha mbale, kenako muikepo phindu. Ndipo mgolo umodzi umalowa zipepa zitatu kapena zinayi basi, osapanikiza, utsi uzidutsa pakati. Ndi bwino tigulitse matikiti sabata yake isanafike kuti tidziwe chiwerengero, kusiyana n'kudzaza mgolo mongoyembekezera.

Chinthu china chimene sindikufuna tichiiwale. Mu kalabu muno tili ndi abale athu achisilamu, tili ndi a Seventh Day, ndi ena amene sadya nkhumba pa zifukwa zawo. Tsikulo ndi lawonso, ndipo atsikana ena a timu ija ndi ochokera m'mabanja amenewo. Ndiye padzakhala mgolo wachiwiri, wosakhudzapo nkhumba chiyambire, ndi waya wake, mipeni yake, zopanira zake, tebulo lake patali, ndipo nyama yake akagule okha kumene amakhulupirira. Nthiti za mbuzi zimapsa ndi njira yomweyi, koma zilibe mafuta ambiri, ndiye zikulungidwe msanga, pakatha ola limodzi ndi theka kapena awiri. Palibe amene akakamizidwe kuima pa mgolo wa nkhumba, ndipo nthabwala za nkhani imeneyi zithere pa geti. Komiti ionenso za tsiku, chifukwa Loweruka anzathu ena sangabwere.

Nthawi. Ngati tikufuna kuyamba kugulitsa 1 koloko masana, makala ayatsidwe 6 koloko m'mawa, mgolo ukhazikike kutentha kwake kwa theka la ola, nyama ilowe hafu pasiti sikisi. Zikapsa msanga palibe vuto, zokulunga mu foyilo ndi thawulo m'bokosi lotseka zimakhala zotentha ola lathunthu ndi kupitirira, ndipo zimafewerako. Zikachedwa ndiye vuto, chifukwa anthu akayamba kuima pa mzere, mtima umakuuza kuti wonjezera makala. Ine mtima umenewo ndinaumvera kamodzi.

Sindikufuna kuti tsiku lenilenilo likhale loyamba kugwira mgolo. Lamulungu likubwerali tikatuluka ku mapemphero tidzayesa chipepa chimodzi kuseri kwa holo, nyama ndigula ine. Ndikufuna anthu anayi: awiri a moto, mmodzi wolemba nthawi ndi madigiri mu kope mphindi 30 zilizonse, ndi mmodzi wouma mtima uja wa chivindikiro. Amene kwanu kuli mtengo wa gwafa wodulidwa kale, wouma, bweretsani nthambi ziwiri. Mayina mulembetse kwa a mlembi tisanabalalike. A tcheya, ndabweza.